Mbuzi ya ku Lusitu, mchere wa mu Lusaka

Ikangokwana 17 hours, Lusaka imasintha fungo. Kuchokera ku Kabwata mpaka ku Matero, ku Chilenje, Kalingalinga, Garden na Chawama, pamabuka utsi uja umene umaiwalitsa munthu kuti kunyumba amusungira ndiwo. Michopo. Dramu yodula pakati, malasha ofiira, waya pamwamba, mnyamata na mpeni wake na kathabwa kodulirapo. Pambali pali kamulu ka mchere, ka mpilipili na anyezi wodula. Wina wachoka ku nchito ku Industrial Area, wina wangotsika basi, onse aimirira na katoothpick m'manja.

Pamalo aya m'pamene mumamva maphunziro onse a mbuzi. Uyu akuti nyama ya mbuzi imakweza BP. Uyo akuti bodza, ndiye nyama ya mphamvu, supu yake imachotsa babalazi ndipo imathandiza mwamuna kunyumba. Onse amakamba molimba mtima monga anapita ku sukulu ya udokotala. Koma kuti timvetse chimene chili mu nyama iyi, tiyenera kuyamba kumene mbuzi imachokera, chifukwa mu Lusaka simubadwa mbuzi zokwanira kudyetsa mabala onse aya.

Mbuzi za mu Zambia ni zoposa mamiliyoni atatu, ndipo chigawo cha kumwera ndicho chili na zambiri kuposa zigawo zonse. Ine ninatenga njira ya ku Chirundu. Mumachoka na Kafue Road, kupita Chilanga, kudutsa tauni ya Kafue na mlatho wake, ndipo pa Turnpike mumasiya njira ya ku Mazabuka na Livingstone ku dzanja lamanja. Kuchoka apo msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri, mathiraki akutsika pang'onopang'ono mabuleki akununkha. Mukatsika mapiri aja, kutentha kumakulandirani monga mwatsegula chitseko cha uvuni. Musanafike ku Chirundu mumakhotera ku njira ya ku Siavonga, ndipo posakhalitsa muli ku Lusitu.

Lusitu ni dziko louma. Nthaka ni yofiira, yong'ambika na migula ikuluikulu imene mvula inakumba. Milambe ili ponseponse, ndipo mu nyengo yake azimayi na ana amagulitsa masau na mabuyu m'mbali mwa msewu. Anthu ambiri a kuno ni Atonga amene makolo awo sanabwere mofuna. Pamene anamanga damu la Kariba, anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anachotsedwa m'midzi yawo, ndipo mu 1958 masauzande a iwo anatengedwa pa malole kuchoka kuchigwa cha Gwembe kubwera kuno. Malo anali ochepa, mvula ni yosadalirika, chimanga chimapsa m'munda chaka na chaka. Chimene chimapirira ni mapira, mchewere na mbuzi.

Ndipo mbuzi ziliko zoona. Zili pa msewu, pansi pa mlatho, pa chulu, zina zaimirira na miyendo iwiri kufikira masamba a mtengo wa minga. Ni timbuzi tating'ono, tolimba, tamitundumitundu. Palibe amene amazigulira chakudya cha m'thumba. Zimadya masamba, zipatso za mitengo zogwa pansi, masau, mapesi otsala m'munda, ndipo zimayenda mtunda wautali tsiku lililonse kufuna madzi. Nyama ya chiweto choyenda chonchi siingafanane na ya nkhuku ya broiler imene yakhala masabata asanu na limodzi pamalo amodzi.

Palinso china chimene mbuzi inabadwa nacho. Ng'ombe yonenepa imasunga mafuta mkati mwa mnofu mwenimwenimo, timizere toyera tija mumaona mu steki. Mbuzi siichita tero kwambiri. Mafuta ake ambiri imasunga m'mimba, kuzungulira impso na matumbo. Ndiye chifukwa mnofu wa mwendo wa mbuzi umakhala wofiira, wouma, wopanda mafuta ambiri. Kumbukirani ichi, tizachifuna tikabwerera pa michopo.

Chimene chinanikhudza ku Lusitu si kuchuluka kwa mbuzi. Ni kuti eni ake saidya kawirikawiri. Mbuzi kumudzi ni banki. Imagulitsidwa mwana akafuna yunifomu, munthu akadwala, unga ukatha. Imaphedwa pa maliro, pa ukwati, pa Khirisimasi kapena kukabwera mlendo wolemekezeka. Mu 2024, chilala chitapsereza minda mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka, mabanja ambiri a kuchigwa anadalira kugulitsa ziweto kuti agule unga. Mwana amene amaweta mbuzi tsiku lonse padzuwa amabwera kunyumba kudya nsima na delele, mbuzi ija yakwera Canter kupita ku tauni.

Ulendo wa mbuzi yokha ni wowawa. Ogula amazungulira midzi, kusonkhanitsa imodzi imodzi mpaka zikwane thiraki. Pafunika chilolezo cha a zanyama chosamutsira ziweto, na kalata yosonyeza kuti si zakuba, pakuti kuba ziweto ni mlandu waukulu. Zina zimapitirira mpaka ku Kasumbalesa, kumene anzathu a ku Congo amagula mbuzi maningi. Zambiri zimatsika mu Lusaka, ku Chibolya.

Ukatchula Chibolya, anthu amaganiza chamba na apolisi. Koma kuseri kwa Soweto Market uku kuli msika waukulu wa mbuzi na nkhumba mu Lusaka yonse, ndipo michopo yambiri imene mumadya ku mayadi na ku komboni inadutsa pano. Pitani m'mawa, dzuwa lisanakwere. Phokoso lake simuzaiwala: mbuzi kulira, nkhumba kukuwa, mawilibala kupempha njira, anyamata kukukokerani aliyense ku khola lake. Ogula amagwira mbuzi pa msana na pa chifuwa kuona mnofu, amatsegula pakamwa kuona mano kuti adziwe msinkhu. Mtengo umakwera kumapeto kwa mwezi, pa Khirisimasi na pa Eid, pamene Asilamu amafuna mbuzi zabwino zopanda chilema. Mukagula, pali anyamata opha na kusenda pomwepo. Palibe chotayika. Mutu, miyendo, matumbo, chifu, chiwindi, mapapo, chikumba, chilichonse chili na kasitomala wake.

Amene amadziwa kugula amapewa tonde wamkulu wosafula. Fungo lija limene ena amadana nalo nyama ya mbuzi limachokera kwambiri kwa iye. Mbuzi yaing'ono kapena yofula imakhala yofewa ndipo fungo lake ni lochepa.

Manje tiyeni ku manambala, pakuti nyama iyi anaipima kale. Dipatimenti ya zaulimi ya ku America imasonyeza kuti magalamu 100 a mnofu wa mbuzi wowotcha ali na makalori 143, mapuloteni magalamu 27, ndipo mafuta ni magalamu 3 chabe. Mwa mafuta amenewo, aja ouma amene amatseka mitsempha ya magazi safika ngakhale galamu imodzi. Yerekezani na nkhuku yowotcha pamodzi na khungu lake, imene ili na mafuta oposa magalamu 13 pa muyezo womwewo. Nyama ya ng'ombe yonona imafika 15 olo kupitirira. Kolesitolo mu mbuzi ni mamiligalamu 75, kutsikako pang'ono poyerekeza na nyama zina, koma osati kuti mulibe. Mulinso zinki woposa mamiligalamu 5, wothandiza chitetezo cha thupi na kupola kwa zilonda, komanso vitamini B12 amene thupi limafuna popanga magazi na kusamala mitsempha. Vitamini ameneyu simungamupeze mu lepu kapena chibwabwa.

Koma chuma chenicheni cha mbuzi ni ayironi. Magalamu 100 ali na mamiligalamu 3.7, pamene nkhuku ili na kupitirira pang'ono 1. Ndipo ayironi wa mu nyama yofiira thupi limamutenga mosavuta kuposa wa m'masamba na nyemba. Chinanso chabwino, kanyama pang'ono mu mbale kamathandiza thupi kutenga ayironi wa mu bondwe kapena nyemba zimene mwadyera pamodzi.

Apa m'pamene nkhani ya mbuzi imaleka kukhala ya pa bala. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti azimayi 31 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 mu Zambia ali na magazi ochepa. Kwa ana osafika zaka zisanu, anali 58 mwa 100. Sikuti onse ni chifukwa cha chakudya, malungo na njoka za m'mimba zilimo, koma kusowa ayironi ni mbali yaikulu. Mwamuna wamkulu amafuna ayironi pafupifupi mamiligalamu 8 pa tsiku. Mzimayi amene amasamba mwezi na mwezi amafuna 18, wapakati 27. Manje imani pa michopo iliyonse Lachisanu madzulo muwerenge amene akudya. Amuna, amuna, amuna. Munthu amene thupi lake lifuna ayironi wochepa kuposa mkazi wake ndiye amadya mbuzi katatu pa sabata, ataimirira, kwa yekha. Amake mwana amene amamva chizungulire akawerama pochapa, na kamwana ka zaka ziwiri kamene m'maso mwake ni moyera, adya nsima na lepu wa saladi. Ba mudala, ndalama ija ya michopo iwiri na mabotolo anayi ingagule kanyama kokwana mphika wa banja lonse.

Nanga za BP zija? Mnofu wa mbuzi pawokha uli na sodiyamu wochepa, mamiligalamu osafika 90 pa magalamu 100, ndipo potaziyamu ali pafupifupi 400. Si mbuzi imene imabweretsa mchere pa thebulo. Ni ife. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera zakudya zonse kuyambira buledi wa m'mawa. Pa michopo nyama imathiridwa mchere ikali pamoto, ena amawazanso zokometsera za m'mapaketi zimene nazo ni mchere, ndipo inu mumatenga chidutswa chilichonse kuviika mu kamulu kaja. Kasupuni kanu ka tsiku kamatha musanamalize botolo loyamba. Mowa nawo umakweza BP. Ndiye munthu akadzuka mutu ukugunda, mlandu umagwera mbuzi imene inafa dzulo. Pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse mu Zambia ali na BP yokwera, ndipo ambiri sadziwa kaili siipweteka mpaka tsiku la sitiroko. Kupimitsa pa kiliniki sikutenga mphindi zisanu.

Mwakumbukira mafuta a m'mimba aja? Wowotcha michopo amadziwa kuti mnofu wa mbuzi ni wouma, ndiye amasakaniza na tizidutswa ta mafuta kuti ikome na kuti mulu uoneke waukulu. Matumbo okulunga, amene ambiri timawakonda, ndiwo ali na mafuta ambiri. Choncho magalamu 3 aja a ku America ni a mnofu woyera wochotsa mafuta, osati a pepala lonyowa limene mumapatsidwa pa kona. Mungapemphe mnofu okhaokha. Azakuyang'anani monga mwamutukwana, koma azadula.

Zamkati zili na mbali ziwiri. Chiwindi ni chakudya champhamvu kwambiri, chodzaza na ayironi, vitamini A na B12, ndipo kachidutswa kochepa kophika bwino, kosinja, ni kabwino kwa mwana amene wayamba kudya. Koma vitamini A wochuluka kwambiri angavulaze mwana ali m'mimba, ndiye mzimayi wapakati asachite chiwindi ngati ndiwo ya masiku onse, afunse ku sikelo. Ndipo kwa amuna aja amene chala chachikulu cha kuphazi chimatupa usiku mpaka bulangeti kuwawa, imeneyo ni gauti. Chiwindi, impso na zamkati zina zimachulukitsa asidi amene amaunjikana m'mfundo, ndipo mowa umalepheretsa impso zanu kumutulutsa. Zamkati na mowa pamodzi ndiye kuitana gauti na dzina. Supu ya mutu wa mbuzi m'mawa imabwezera madzi na mchere m'thupi, n'chifukwa chake munthu wa babalazi amamvako bwino, koma mowa umachoka m'magazi pa nthawi yake, supu siifulumizitsa. Za mphamvu ya kuchipinda, zinki ni wofunika kwa mwamuna, inde, koma BP, shuga na mowa ndizo zimagwetsa amuna ambiri, ndipo palibe supu imene ingakonze zimenezo.

Kupsa nako kuli na nkhani. Mafuta akadontha pa malasha, utsi umene umakwera umamata pa nyama, ndipo mbali zakuda zopserera zija zimakhala na zinthu zimene akatswiri amazigwirizanitsa na khansa. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika nyama yofiira, mbuzi ili momwemo, m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo. Nyama zokonzedwa ku fakitale monga polony, soseji na Hungarian inaziika m'gulu lapamwamba, la zinthu zimene umboni wake ni wokwanira. Izi sizitanthauza kuti michopo ya Loweruka izakuphani. Nkhani ni kuchuluka na kubwerezabwereza. Bungwe la World Cancer Research Fund limalangiza kusapitirira magalamu 350 mpaka 500 a nyama yofiira yophika pa sabata, kumene kuli monga kudya katatu, chidutswa chofanana na chikhatho cha dzanja lanu. Kunena zoona, mabanja ambiri a mu komboni safika ngakhale theka la muyezo uwu. Amene amaupitirira ni kagulu komweko ka pa dramu.

Choopsa chapafupi kuposa khansa chili pa ukhondo. Chibolya na Kanyama zimasefukira mvula ikagwa, madzi a m'zimbudzi kusakanikirana na a m'njira. Tonse tikumbukira kolera imene inayamba mu October 2023, pamene National Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegula ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Moto umapha kachilombo ka kolera, ndiye nyama yochoka pamoto ili yotentha siivuta. Vuto ni zozungulira: kathabwa kamene adulirapo yaiwisi n'kudulirapo yakupsa, anyezi na tomato zotsukidwa na madzi a m'chitsime chosazama, kansalu kamodzi kopukutira mpeni, manja na thukuta, dzanja limene lalandira ndalama n'kugwira nyama. Yang'anani izi musanalipire. Wowotcha amene ali na chigubu cha madzi na sopo, amene amasiyanitsa yaiwisi na yakupsa, ndiye woyenera ndalama yanu, olo mulu wake uchepeko. Ndipo michopo imene yakhala m'mphepete mwa waya kuyambira masana, yofunda chabe, auzeni aibwezere pakati pa moto mpaka itenthe mkati.

Nyama yofiira mkati, ija ena amati ndiye yokoma, si ya aliyense. Mbuzi na nkhosa zimatha kunyamula kachilombo ka toxoplasma, kamene munthu wathanzi sangakamve n'komwe, koma kangavulaze mwana ali m'mimba ndipo ni koopsa kwa munthu amene chitetezo chake chatsika, monga wa HIV amene sakumwa mankhwala bwino. Kwa awa nyama ipse mpaka madzi ake asatuluke ofiira. Mkaka wa mbuzi nawo uwiritsidwe, chifukwa wosawiritsa umafalitsa matenda a brucellosis, malungo obwerabwera amene anthu amawasokoneza na malungo a udzudzu.

Ndipo nyama yotchipa modabwitsa, imene wina wabwera nayo m'thumba usiku, isiyeni. Mu 2023 matenda a anthrax anabuka ku Sinazongwe, kuchigwa komweko kwa nyanja ya Kariba, n'kufalikira m'zigawo zambiri. Pofika November chaka chimenecho anthu oposa 600 anali ataganiziridwa kuti adwala. Ambiri anautenga posenda, kudula na kudya ziweto zofa zokha. Chizindikiro chake pa khungu ni chilonda chakuda pakati, chotupa m'mbali, nthawi zambiri chosawawa. Chiweto chofa chokha sichidyedwa, olo muwiritse bwanji, chifukwa amene wasenda watenga kale. Mu buchala funsani chidindo cha woyeza nyama. Kugula mbuzi yamoyo, yoimirira, ya maso owala, n'kuiona ikuphedwa, ndiye ubwino umodzi waukulu wa ku Chibolya.

Pochoka mu msika ninaona azimayi anayi akugawana mbuzi imodzi pa pulasitiki, aliyense mulu wake, chiwindi nacho kudula panayi. Asonkha ndalama monga chilimba, agula yamoyo, alipira mnyamata wosenda. Kugula chonchi kumatsika mtengo kuposa kugula pa kilo, ndipo amene ali na firiji amamanga timapaketi ta mphika umodzi umodzi. Na malodishedingi athu awa, ena amabwerera ku njira ya ambuya: kudula mizere, kuwamba pa moto wochepa mpaka iume.

Mu mphika ndimo mbuzi imaonetsa ubwino wake wonse. Chotsani mafuta oyera aja, ikani nyama na mafupa ake m'madzi pang'ono, moto wochepa, ola limodzi na theka olo awiri, mpaka iyambe kuchoka ku fupa. Saladi safunika wambiri, supuni imodzi yakwana kukazingira anyezi na tomato. Adyo, jinja na mpilipili zimapatsa kukoma kumene anthu amakufuna mu mchere. Pambali ikani chibwabwa, kalembula kapena bondwe, pakuti nyama ilibe vitamini C ndipo ilibe zija zothandiza m'mimba kuyenda bwino. Tiyi musamwere pa chakudya ichi, imatsekereza ayironi, dikirani ola lipite. Ngati ni nyengo ya masau, kapena muli na mabuyu aja a m'mbali mwa msewu wa ku Siavonga, apatseni ana akamaliza kudya, vitamini C wake amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba aja. Pogawa, kamwana kasapatsidwe supu chabe yoviikamo nsima. Ayironi ali mu mnofu. Kaduleni tizidutswa ting'onoting'ono, kapena sinjani mu kamtondo, muike mu mbale yake.